Sabata Imene Pai Zuze Anatulutsa Nyuzi Okha

Uthenga wa imfa ya a Zuze Nyampinga unandipeza pamsika wa Dyeratu ndikusankha tomato. Anaimba foni ndi Dominiko, mnzanga amene ndinkagwira naye ntchito ya utolankhani zaka zapitazo. Sanazungulire. Anati Pai atisiya m'mawa womwewo, ndipo maliro akachitikira kwawo ku Marka. Kenako anandifunsa ngati ndipita. Ndinati ndipita, n'kumufunsa ngati iyenso apita. Anangoti aona.

Munthu amene anakuphunzitsa ntchito akamwalira, sufunsa ngati upita kumaliro, umangonyamuka. Koma Dominiko ndinamumvetsa. Nanenso tomato uja ndinamusiya pomwepo, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba sindinkadziwa ngati chimene ndinkamva chinali chisoni kapena mkwiyo wakale uja.

A Zuze ndiwo anayambitsa nyuzipepala ya Mphangwa za M'chigwa, imene inkatuluka Lachisanu lililonse kuchokera m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa msika wa pa boma la Chikwawa. Mphangwa ndi nkhani m'Chisena. Masamba akunja ankalembedwa m'Chichewa, apakati m'Chisena, ndipo apakatiwo ndi amene ankang'ambika msanga chifukwa ankadutsa m'manja ambiri. Eni akewo anabadwira ku Marka makolo awo atawoloka kuchokera ku Mozambiki, ndipo anayamba ali mphunzitsi wa pulayimale. Dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri, anthu ataloledwa kusindikiza zakukhosi kwawo, iwo anasiya choko n'kugula makina akale otayipira. Tonse ogwira nawo ntchito tinkawatchula kuti Pai, monga ana a kwawoko amatchulira bambo wawo.

Anali aatali, owonda, ndipo ankavala malaya oyera a manja aatali ngakhale mu Okutobala, pamene phula la mumsewu limafewa ndi kutentha. Masana dzuwa lili paliwombo ankamwa tiyi wotentha wopanda mkaka, n'kumatiuza kuti ndiye amaziziritsa thupi. Palibe mwa ife anawakhulupirira. Nkhani iliyonse imene tabweretsa ankaiwerenga mokweza ataimirira pakhomo, moti ogulitsa nsomba ndi anyamata a kabaza ankamva nkhani za Lachisanu zisanasindikizidwe. Akapunthwa pa chiganizo, ankangokubwezera pepala lako. Maganizo awo anali akuti m'midzi yathu nyuzi imodzi amawerenga ndi munthu mmodzi, ena onse amamvera, choncho chiganizo chokanika pakamwa sichidzafika kwa eni ake.

Mawu amene ankadana nawo kuposa onse anali akuti "wina". Bambo wina, mayi wina, anthu ena. Ankati nyuzi za ku Blantyre zimatikumbukira madzi akatikokolola basi, ndipo ngakhale pamenepo zimatilemba ngati mbuzi zopanda mwini. M'nyuzi mwawo munthu aliyense ankayenera kukhala ndi dzina lake ndi mudzi wake, dzinalo lilembedwe mmene mwini wake amalitchulira. Nkhani ya pafoni sankaifunanso. Tsiku lina anandibweza ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo, chifukwa nkhani ya mitengo ya thonje ndinaitenga kwa wogula ali mu ofesi, osakaima pasikelo ndi alimi. Ndinakwera minibasi ndikuwatukwana chamumtima. Nditafika pasikelopo ndinapeza nkhani ina kotheratu, ndipo pobwerako sanandiyamikire, anangofunsa ngati ndadya.

Mikangano ankaikonda. Anakangana ndi abusa a mpingo wawo womwe, amene anadandaula kuti nyuzi yalemba za nsembe yopempha mvula kukachisi. Sabata yotsatira Pai anaika nkhani ya kukachisiyo moyandikana ndi chidziwitso cha msonkhano wa chitsitsimutso, n'kuuza abusawo kuti onsewo ndi owerenga awo ndipo onsewo akudikira mvula imodzimodzi. Anakangananso ndi maofesala a mabungwe amene pakutha pa msonkhano ankapatsa atolankhani kaenvulopu, kaja timati chipondamthengo. Mtolankhani wa Mphangwa akalandira, Pai ankamuperekeza okha kukabweza, anthu akuona. Tinkadandaula, pakuti tinali osauka, koma tikalowa m'mudzi anthu ankatiyalira mphasa n'kutiuza zinthu zimene sankauza wina aliyense.

Chimene chinabweretsa a Makwiza pakati pathu ndi namondwe. Chaka china mphepo inasasula denga la ofesi, mvula n'kulowa m'makompyuta. Owerenga athu ambiri anali m'misasa, minda itakokoloka, ndipo eni sitolo analibe cholengeza. Nyuzi inaima. Pai ankabwerabe m'mawa uliwonse kudzayanika mapepala akale padzuwa.

A Makwiza anali ndi malole, zigayo, malo ogona alendo, ndi munda waukulu wa nzimbe wothirira m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Anabwera okha, anavula chipewa pakhomo, n'kulankhula ndi Pai m'Chisena. Anawakumbutsa kuti ali mwana anaphunzira m'kalasi mwawo ku Marka. Anati agula nyuziyo, akonza denga, atilemba ntchito tonse, koma za m'kati mwa masamba sadzakhudzako, mkonzi adzakhalabe Pai. Tsiku limenelo Pai anatigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi, chinthu chimene anali asanachitepo. Dominiko yekha ndi amene anafunsa kuti tidzatani tsiku limene nkhani idzakhala yokhudza a Makwiza eni ake. Pai anaseka, n'kunena kuti munthu amene anamugwira dzanja pomuphunzitsa kugwira pensulo sangabwere kudzawaphunzitsa kulemba.

Poyamba zinaoneka ngati anena zoona. Tsamba loyamba linayamba kutuluka ndi zithunzi za mitundu, makompyuta anabwera atsopano. Kenako anatitumizira manejala, mlamu wawo wa a Makwiza, munthu amene anali asanalembepo mzere ndi umodzi womwe wa nkhani. Tsamba lomaliza linasanduka la malonda a malo ogona alendo. Masamba a Chisena anawachepetsa, ati otsatsa malonda sawerenga Chisena. Zithunzi za a Makwiza akupereka mipira kapena ufa zinayamba kuchuluka. Nthawi iliyonse tikadandaula, Pai ankatiuza kuti zimenezo n'zazing'ono, tizisiye, bola tsamba loyamba lili m'manja mwathu.

Ndiye kunabwera imfa ya Lusiyano Tchapo. Lusiyano ankagwira ntchito kumunda wa nzimbe wa a Makwiza. Namasupuni ankatseka mpope wa injini yopopa madzi, ndipo antchito anali atapempha kambirimbiri kuti awagulire bwato ndi kutchinga waya pamalopo, chifukwa ng'ona zinkaoneka. Tsiku limenelo injini itaima, kapitawo anauza Lusiyano kuti alowe m'madzi akachotse namasupuni ndi manja. Madzi anali a m'chifuwa. Ng'ona inamugwira anzake akuona, ndipo zotsala zake anakazipeza m'bango mawa lake. Antchito onse a pamundapo ananyanyala ntchito.

Pai anapita okha kumaliro pamodzi ndi Dominiko, pa kabaza ndi pabwato. Dominiko anatiuza pobwerako kuti Pai anakhala pansi pamphasa ndi namfedwa, mai Jowana, nalankhula nawo m'Chisena nthawi yaitali. Anawalonjeza kuti Lachisanu dzina la mwamuna wawo ndi mmene anafera zidzakhala patsamba loyamba, kuti chigwa chonse chimve. Mayiwo anangoti takhuta, zikomo wa m'Chisena, n'kugwira dzanja la Pai ndi manja onse awiri.

Dominiko analemba nkhaniyo. Anaikamo mawu a antchito, mayina awo ndi midzi yawo, ndipo anaikamonso mawu a kapitawo ndi a ofesi ya pamundapo. Pai anaiwerenga pakhomo osapunthwa paliponse, ndipo anthu amene anaima pamenepo anamvetsera mpaka pamapeto. Manejala anaimva ali m'chipinda chake, n'kutuluka ndi foni kukhutu. Mawa lake anatiitana tonse. Anati nkhaniyo situluka, Dominiko ntchito yamuthera chifukwa choipitsa dzina la kampani, ndipo enafe kuyambira mwezi umenewo sitikhalanso antchito okhazikika, tizilipidwa pa nkhani imene iye waivomereza.

Tinakumana pansi pa mtengo wa msawu kuseri kwa msika, atolankhani, wotayipa ndi wogawa nyuzi. Sitinkadziwa ngati Pai abwera, koma anabwera akukankha njinga yawo. Anamvetsera tonse, kenako analankhula mwachidule.

"Nkhaniyi ikapanda kutuluka, nyuzi situluka. Mayi uja ndinamulonjeza ndi pakamwa pangapa."

Mawu amenewo ndi amene anatilimbitsa mtima. Tinagwirizana zonyanyala ntchito mpaka Dominiko abwerere ndipo nkhani ituluke. Tinakhala pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi ofesi, ndi zikwangwani za makatoni. Amayi a pamsika ankatibweretsera madzi ndi mbatata zootcha. Antchito ena a kumunda wa nzimbe anabwera kudzakhala nafe, nati sitalaka yawo ndi yathu ndi imodzi. Pai ankakhala pakati pathu pa benchi, manja atawapinda pachifuwa.

Lachinayi m'mawa sanabwere. Wa kabaza wina anatiuza kuti waona galimoto ya a Makwiza ikuwatenga kunyumba kwawo kupita kumalo ogona alendo kuja. Tinasangalala, poganiza kuti zokambirana zayamba. Chakumasana tinawaona akubwera wapansi. Anadutsa kutsogolo kwathu osatipatsa moni, analowa mu ofesi, n'kutseka chitseko. Tinati mwina akukatenga katundu wawo. Patapita nthawi tinaona pawindo atakhala pakompyuta, manejala ataima kumbuyo kwawo. Dominiko anawoloka msewu n'kukaima pawindopo.

"Pai, mukutani?"

"Ndikugwira ntchito, mwanawe. Pitani kwanu."

Sanatembenuke n'komwe. Dominiko anabwerera kudzakhala pansi. Madzulo manejala anatuluka kukapereka masamba kwa dalaivala wa minibasi yopita ku Blantyre, kumene nyuzi inkasindikizidwa.

Lachisanu mitolo inafika monga mwa masiku onse. Patsamba loyamba panali a Makwiza akutsegulira mjigo. M'kati, pakona, munali kankhani kakafupi konena kuti bambo wina wamwalira atagwidwa ndi ng'ona m'mphepete mwa dambo, ndipo anthu akuchenjezedwa kusamala akamayandikira madzi. Za injini, za kapitawo, za sitalaka, munalibe. Tonse tinkadziwa kalembedwe ka Pai, ndipo ziganizo zimenezo zinali zawo.

Mai Jowana anafika dzuwa litakwera, mwana ali kumbuyo, mapazi atayera ndi fumbi. Anagula nyuzi kwa wogulitsa pamsika. Kuwerenga sankadziwa, choncho anapita nayo pakhomo pa ofesi n'kupempha kuti Pai awawerengere, monga chigwa chonse chinkadziwira kuti amachita. Ife tinali kutsidya kwa msewu, tikuona zonse. Pai anatuluka, analandira nyuziyo, anatsegula, n'kuwerenga kankhani kaja mpaka pamapeto ndi mawu otsika. Mayiwo anadikira, akuganiza kuti akupitiriza. Ataona kuti atha, anafunsa m'Chisena.

"Dzina yace iri kupi, baba?"

"Nkhabemo, mai."

Anawauza zoona, kuti dzinalo mulibe. Mayiwo sanalire ndipo sanatukwane. Analandira nyuzi ija, anaipinda bwinobwino, anaiika pansi pafupi ndi mapazi a Pai, anamangitsa nsalu ya mwana, n'kubwerera njira imene anadzera. Pai anaima pakhomopo mpaka mayiwo anazimiririka kuseri kwa mabenchi a nsomba.

Chimene chinkatipweteka kwambiri n'chakuti tinkadziwa kuti Pai si amantha. Zaka zambiri m'mbuyomo, a Makwiza asanabwere, analembapo za chimanga chothandiza anthu pa njala chimene chinkaperekedwa moyang'ana chipani cha munthu. Anyamata a ndale analanda nyuzi zonse kwa wogulitsa n'kuzitentha pakati pa msika, ndipo Pai atapita kukaletsa anawatema pamutu ndi mwala. Anakwera minibasi bandeji ili kumutu, anakasindikizanso, n'kubwera kudzagulitsa okha ataima pa phulusa lomwelo. Ambiri mwa ife tinasankha ntchito imeneyi chifukwa cha tsiku limenelo. Akanakhala munthu wa mantha tikanangomumvera chisoni. Koma amene anatitsekera chitseko anali yemwe uja anaima pa phulusa.

Sitalaka ya kumunda sinachedwe kutha. Popanda nkhani, panalibe wa ku boma amene anabwera kudzafunsa, ndipo atsogoleri a antchito anachotsedwa mmodzimmodzi. Yathunso inamwazikana. Ena anabwerera chifukwa ana kunyumba ankafuna kudya. Ine ndinapita kukaphunzitsa pasukulu ina. Dominiko sanalembenso nkhani mpaka lero, amagula nsomba zouma kudambo n'kukagulitsa ku Blantyre.

Pai anakhalabe mkonzi, koma nyuzi imene ankaitulutsa sitinkaizindikira. Masamba a Chisena anatheratu. Nkhani za m'midzi zinalowedwa m'malo ndi zokopera ku intaneti. A Makwiza ataganiza zopikisana nawo pa chisankho, nyuzi inasanduka ya kampeni, ndipo chisankho chitadutsa anaona kuti kusindikiza n'kuwononga chabe. Dzina la Mphangwa analisiya pa tsamba la pa intaneti limene manejala amaliyendetsa pafoni, lodzaza zithunzi za maukwati ochitikira kumalo ogona alendo kuja. Amene anauza Pai kuti akalamba, akapume, anali manejala. A Makwiza sanabwere, ndipo mwambo wotsanzikana kunalibe.

Ndinawaona komaliza chaka chatha, nditapita ku Marka pa zina. Ndinawapeza pakhonde la nyumba ya mlongo wawo, maso atayera ndi ng'ala. Anandizindikira pa mawu ndisanatchule dzina. Tinacheza za mvula ndi za mitengo ya chimanga kumalire, kenako ndinafunsa chimene ndinakhala nacho zaka zonsezi, chifukwa chimene anatulutsira nyuzi okha. Anati tsiku lija a Makwiza anawauza kuti nyuzi ikapanda kutuluka sabata imeneyo aitseka mpaka kalekale, koma ikatuluka, nkhani ya Lusiyano idzasindikizidwa zinthu zikazizira, ndipo Dominiko adzabwezedwa. Anagwirana chanza.

"Akanatseka, mukanalemba kuti?" anandifunsa.

"Nanga atasiya kutseka, tinalemba kuti, Pai?"

Iwo anayamba kufotokoza za a Makwiza, mmene anali mwana wosowa ngakhale kabudula wabwino, mmene iwo ankamupatsira choko kuti akaphunzirire kulemba kunyumba, mmene iwo anapitira ku ofesi yake kangapo kukakumbutsa za lonjezo lija n'kumauzidwa ndi mlonda kuti bwana achokapo, galimoto ili pabwalo pomwepo. Ndinaona kuti bala limene anali nalo linali lalikulu, ndipo linali lenileni. Koma ndinakhala pamphasa paja kudikira kuti atchule ife, kapena mai Jowana, kapena anene kuti pepani. Sananene. Potsanzikana anangoti ndikauze Dominiko abwere adzawaone. Uthengawo ndinakapereka. Dominiko anamvetsera, n'kupitiriza kumanga mtolo wake wa nsomba.

Kumaliro kunali anthu ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Kunabwera alimi a thonje, asodzi, aphunzitsi opuma ntchito, abusa, ndi akuluakulu a kukachisi. Ena anawoloka kuchokera kutsidya kwa malire. Bokosi ndi tenti anatumiza ndi a Makwiza, ndipo amene analankhula m'malo mwawo anali manejala uja. Anati malemuwa anali tate wa choonadi m'chigwa chonse, ndipo kampani inali nawo limodzi mpaka tsiku lawo lomaliza. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anangoyang'ana pansi n'kumajambula fumbi ndi chala. Ndinayang'anayang'ana mai Jowana koma sindinawaone. Ndinamva kuti anabwerera kwa abale awo ku Mozambiki. Dominiko sanabwere. Anaimba foni tikuchoka kumanda, kufunsa ngati kunali anthu. Nditamuuza kuti anali ambiri, anati chabwino, n'kudula.

Pobwerera ndinatsika pa boma la Chikwawa n'kudutsa kuseri kwa msika. Kanyumba kaja kalipobe. Khoma lakutsogolo analipaka laimu, koma zilembo zakale zimaonekera pang'ono pansi pake kwa munthu amene akudziwa poyang'ana. Pachitseko pali loko wamkulu, ndipo pakhonde panagona mbuzi zikubzikula. Ndinasuzumira pawindo. Matebulo anachotsamo, mawaya a magetsi akulendewera pakhoma, mavu amanga chisa pakona ya denga. Kuyambira pansi mpaka m'mwamba mwadzaza zigubu ndi matumba. Mlonda anadzuka pamthunzi n'kundiuza mwaulemu kuti ndisayandikire kwambiri, muli mankhwala opopera nzimbe, fungo lake limapweteka mutu. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti kale munkachitika chiyani m'menemo. Anati iye wayamba ntchito posachedwa, amangodziwa kuti ndi mosungira katundu wa bwana.

Ndinaimabe pawindopo kanthawi, mpaka fungo lija linayamba kundiluma m'maso, ndipo ndinachoka.